Kodi mau otamanda wailesi ndi masipika ndi okhulupirika?

Munthu akafuna kugula wailesi, sipika kapena ampulifaya, amamva mau ambiri asanatulutse ndalama. Katoni imanena zake, wogulitsa amanena zake, wolengeza malonda nayenso zake, ndipo mnansi amene anagula caka catha ali ndi zake. Onsewa amati akunena zoona. Nkhani ino ifotokoza m'mene wogula angasiyanitsire mau amene angathe kuyesedwa ndi mau ongokometsera malonda. Ikhudza makamaka anthu a m'dziko la Mfumukazi Mwape ndi madera ena a m'maboma a Nyimba ndi Petauke, kumene sitolo ili kutali ndipo kubweza katundu n'kovuta.

Kumene sitolo ili kutali

Dziko la Mfumukazi Mwape lili m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Nyimba, kutali ndi mseu waukulu wa Great East. Wofuna wailesi amapita ku Nyimba kapena ku Petauke. Ena amatuma wacibale kukagula ku Kamwala kapena ku City Market mu Lusaka, ndipo ena amagula kwa amalonda oyendayenda amene amafika nyengo yokolola, ndalama za cimanga, thonje ndi nshawa zikalowa m'matumba. Wailesi ikafa patangopita milungu iwiri, ndalama ya ulendo wokaibweza ingapose mtengo wa wailesiyo. M'dzinja, miseu ya kucigwa ikaonongeka ndi mvula, ulendowo umavutiratu.

Kumudzi wailesi si ya nyimbo cabe. Ndiyo imabweretsa mtengo wa cimanga wa bungwe la FRA, nkhani za feteleza, za kagwedwe ka mvula, za miliri ndi mauthenga a maliro. Alimi a m'Zambia akhala akumvera Radio Farm Forum m'magulu kuyambira zaka za m'ma 1960. Mu 2000 unduna wa maphunziro unayamba pulogalamu ya Learning at Taonga Market yophunzitsa ana kudzera pa wailesi, ndipo bungwe la COMACO linayambitsa pulogalamu ya Farm Talk ya alimi a kum'mawa. Masipika nawo amagulidwa ndi machalichi, masukulu ndi magulu a kwaya, kawirikawiri ndi ndalama zosonkherana kwa miyezi yambiri. Cipangizo cikakhala cabodza, amene waluza si munthu mmodzi.

Phunziro la Saucepan Special

Kuulutsa mau kunayamba mu Lusaka mu 1941, koma pa zaka zoyambirira anthu wamba analibe mawailesi. Harry Franklin, amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi yochipa ndi yolimba. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera, ndipo mu 1949 inatulutsa wailesi yochedwa Saucepan Special, kamba kakuti thupi lake linali ngati poto. Inagulitsidwa pa mapaundi 5, batili yake pa mashiling'i 25, ndipo batiliyo inali yogwira nchito maola pafupifupi 300.

Cofunika kuona m'mbiri imeneyi ndi mtundu wa malonjezo ake. Anali ocepa: mtengo wakuti, maola akuti, ndipo idzagwira siteshoni ya ku Lusaka. Lonjezo lililonse munthu akanatha kuliyesa ali pakhonde pake. Muyeso umenewu ukali wothandiza lero. Mau onena za cipangizo ali ndi phindu ngati wogula angathe kuwayesa. Mau monga akuti "mau amphamvu", "yamakono" kapena "yocokera kunja" sangayesedwe, motero sauza wogula kanthu.

Ndani akulankhula, ndipo apindulanji?

Funso loyamba kufunsa pa citamando ciliconse ndi lakuti: wonenayu apindula ciani ndikagula?

Katoni inalembedwa ndi wopanga kapena woitanitsa katunduyo. Manambala ake ena ndi oona, ena ndi ongokopa maso, ndipo m'munsimu tiona m'mene tingawasiyanitsire.

Wogulitsa amadziwa katundu amene amabwezedwa kawirikawiri, koma amadziwanso katundu amene amamupatsa phindu lalikulu. Wogulitsa wa sitolo yokhazikika, amene mudzamupeza pomwepo mwezi wa mawa, ali ndi cifukwa cotetezera dzina lake. Wongodutsa alibe cifukwa cotero.

Wolengeza malonda, kaya pa wailesi, pa wailesi ya kanema kapena pa foni, amanena zimene walipidwa kuti anene. Ngakhale maumboni a anthu odzicha ogula okhutira angathe kugulidwa. Malonda a maumboni abodza anakula kwambiri m'maiko ena, kotero kuti mu 2024 bungwe loyang'anira malonda la ku America, Federal Trade Commission, linakhazikitsa lamulo loletsa kuwagula kapena kuwagulitsa, ndipo dziko la Britain linayamba kutsata lamulo lofanana nalo mu 2025. Umboni wosachula colakwa ngakhale cimodzi ndi wokayikitsa, pakuti palibe cipangizo copanda cofooka.

Mnansi amene anagula kale sapindula kanthu, koma umboni wake uli ndi malire. Munthu amene wangotulutsa ndalama zambiri sakonda kuvomera kuti ananyengedwa, ndipo wailesi ya milungu iwiri siinayesedwe ndi fumbi, kutentha ndi cinyontho. Umboni wolemera ndi wa munthu amene wakhala ndi cipangizoco caka cathunthu, m'dera lofanana ndi lanu.

Wokonza mawailesi pamsika ndiye mboni imene ambiri amaiwala. Iye amaona m'kati mwa zipangizo tsiku ndi tsiku. Amadziwa mtundu umene umabwera kawirikawiri utapsa, umene zida zake zimapezeka, ndi umene ukafa wafa. Ngati iye sagulitsanso mawailesi atsopano, mau ake ndi ofunika kuposa a onse.

Mawati a pa katoni

Bodza lofala kwambiri lili pa mawati. Sipika yonyamula m'manja imalembedwa kuti ili ndi mawati 3,000 kapena 5,000, ndipo pambali pa nambalayo pamakhala zilembo zazing'ono zakuti PMPO. Zilembozi zimanena za mphamvu ya kamphindi kocepa kwambiri, ndipo palibe njira yogwirizana imene makampani amatsata poiyesa. Aliyense amalemba nambala imene afuna.

Nambala yothandiza ndi yolembedwa kuti RMS. Imanena za mphamvu imene cipangizo cingatulutse mosalekeza, mau asanayambe kusweka. Cinyengo ca mawati n'cakale. Mu 1974 bungwe lomwe lija la Federal Trade Commission linalamula kuti makampani ogulitsa maampulifaya m'dziko la America azilemba mphamvu yosalekeza, ndi kuchula kuculuka kwa kusweka kwa mau pa mphamvuyo. Lamulolo silimanga wogulitsa wa ku Nyimba, koma lisonyeza nambala imene akatswiri amaiwerengera.

Wogula angathe kudziyesera yekha ndi masamu a ku pulaimale. Cipangizo sicingatulutse mosalekeza mphamvu yoposa imene cikulandira. Kumbuyo kwake, kapena pa chaja yake, pamalembedwa mavolti ndi maampu. Mukaculukitsa manambala awiriwa mupeza mawati amene cipangizoco cimakoka. Sipika yodya mavolti 5 ndi maampu 2 imalandira mawati 10. Ampulifaya ya mavolti 12 yokhala ndi fyuzi ya maampu 10 siingapitirire mawati 120, pakuti ikatero fyuziyo idzapsa, ndipo gawo lina la mawatiwo limathera m'kutentha. Mawailesi a m'galimoto ambiri olembedwa kuti mawati 50 pa sipika iliyonse amatulutsa pafupifupi 20 kapena kucepera.

Batili nayo imaulula bodza. Masipika ambiri a mawilo amakhala ndi batili ya mavolti 12 yolembedwa 7Ah. Kuculukitsa 12 ndi 7 kupereka 84, kutanthauza kuti batiliyo ingapereke mawati 84 kwa ola limodzi. Sipika ikanakhaladi ya mawati 5,000, batili yotere ikanatha m'mphindi imodzi. Ngati wogulitsa anena kuti sipikayo ili ndi mawati 5,000 ndiponso kuti imalira usiku wonse, cimodzi mwa ziwirizi n'cabodza.

Mawati si mkokomo

Ngakhale mawati atakhala oona, sindiwo okha amene amakweza mau. Kukwera kwa mau kumayesedwa m'madesibelo, olembedwa dB. Kuwirikiza mawati kawiri kumaonjezera madesibelo 3 okha, ndipo kusiyanaku khutu limakumva pang'ono. Kuti mau amveke okwera kawiri, pafunika mawati owirikiza pafupifupi kakhumi. Motero ampulifaya ya mawati 120 siisiyana kwenikweni ndi ya mawati 100, ngakhale mtengo utasiyana kwambiri.

Cimene cimasiyanitsa kwambiri ndi sipika yeniyeniyo. Makampani okhulupirika amalemba madesibelo amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, woyesa ataima pa mita imodzi. Masipika a m'nyumba amakhala pakati pa 85 ndi 90, pamene a pamisonkhano amafika 95 kapena kuposa. Sipika ya madesibelo 96 yopatsidwa mawati 10 imalira mofanana ndi ya madesibelo 86 yopatsidwa mawati 100. Kwa mpingo umene umadalira sola ndi batili, kusiyana kumeneku ndiko kumanena ngati mapemphero adzatha batili ikali ndi moto.

Tiyeneranso kukumbukira kuti m'sitolo makoma amabweza mau, koma pabwalo palibe cobweza. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri, mau amatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Sipika yogwedeza kasitolo ka pamsika ingamveke yofooka pansi pa mtengo wa msonkhano.

Batili ndi sola

Midzi yambiri ya kucigwa ilibe magetsi a ZESCO, ndipo cilala ca 2024, cimene cinatsitsa madzi a ku Kariba, cinaphunzitsa ngakhale a m'matauni kuti wailesi yodalira pulagi yokha imakhala cete maola ambiri. N'cifukwa cake mau onena za batili ayenera kusanthulidwa mofanana ndi a mawati.

Mawailesi ambiri ochajidwa amagwiritsa nchito batili yozungulira yochedwa 18650. Dzinali limanena za kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Mabatili enieni a mtunduwu, opangidwa ndi makampani monga Panasonic, Samsung ndi LG, kawirikawiri amakhala pakati pa 2,000 ndi 3,600 mAh. Yolembedwa 8,800 kapena 9,900 mAh ndi yabodza, pakuti mphamvu yotere siingakwane m'kathupi kameneko. Yeniyeni imalemera magalamu pafupifupi 45, ndipo yabodza nthawi zambiri imapepuka m'dzanja.

Kasola kakang'ono komatidwa pamwamba pa wailesi kamapereka mphamvu yocepa. Kangathandize kutalikitsa maola omvera, koma kudzaza batili yotheratu kumatenga nthawi yaitali, ndipo kusiya wailesi yonse padzuwa la m'cigwa mu Okutobala kumafupikitsa moyo wa batili ndi kuumitsa pulasitiki. Wailesi ya sola yapadera, yolumikiza ndi waya, imalola kuti sola ikhale padenga pamene wailesi ili pamthunzi. Pa zida za sola za m'nyumba, zina mwa izo zobwera pamodzi ndi wailesi, pali dongosolo la padziko lonse lochedwa VeraSol, limene mu 2020 linapitiriza nchito yoyesa imene inali pansi pa Lighting Global. Mwa zina limayesa ngati zolembedwa pa katoni zili zoona.

Funso lina lofunika ndi lakuti: kodi batili ikatha moyo ingacotsedwe ndi kuikamo ina? Batili iliyonse imafooka pakapita zaka zocepa. Wailesi yolola kusintha batili, kapena yolandiranso mabatili wamba a m'kantemba, imakhalitsa kuposa yomatiratu.

Kugwira siteshoni

Palibe munthu wa ku Lusaka, ngakhale woona mtima, amene angakutsimikizireni kuti wailesi idzagwira bwino kwanu. Mafunde a FM amayenda pafupifupi molunjika kucokera pa mlongoti, ndipo mapiri amawachinga. Midzi ya m'cigwa ili m'munsi, kuseri kwa zitunda, motero mafunde amafika ofooka. Wailesi yomveka bwino pa boma la Petauke, pafupi ndi Radio Explorer ndi PASME, kapena pa Nyimba pafupi ndi Valley FM, ingangolira phokoso lokhalokha ikafika kwa Mwape. Cimodzimodzi ndi Radio One ya ZNBC, Radio Maria ndi Breeze FM ya ku Chipata imene inayamba mu 2002: m'mene zimamvekera zimasiyana mudzi ndi mudzi, nthawi zina ngakhale nyumba ndi nyumba.

Apa ndi pamene umboni wa mnansi umaposa wa katswiri. Ngati wailesi ya mtundu wakutiwakuti imagwira siteshoni imene muifuna m'mudzi mwanu momwemo, umenewo ndi umboni weniweni. Masipika ambiri a Bluetooth ndi memore khadi amalembedwa kuti ali ndi FM, koma alibe eriyo yosolola, ndipo amagwira masiteshoni apafupi okha. Wofuna nyuzi ayang'ane wailesi ya eriyo yaitali. Waya wautali womangirira ku eriyo ndi kukwezedwa pa nsungwi umathandizanso kwambiri.

Yang'anani manambala a pa galasi la wailesi. M'Zambia FM imayambira pa 87.5 mpaka 108 MHz. Dziko la Japan linasankha mpata wina, ndipo mawailesi ambiri a m'magalimoto ocokera kumeneko amayambira pa 76 ndi kulekezera pa 90. Ndico cifukwa cake magalimoto otere sagwira masiteshoni ambiri a kuno kufikira ataikidwa kacipangizo kosuntha mafunde. Wailesi yomasulidwa m'galimoto yotere ndi kugulitsidwa kuti izilira pa batili kumudzi idzakhala ndi vuto lomwelo, ngakhale ili ya kampani yochuka.

Zilembo za SW zimaimira mafunde amene amakwera kumwamba ndi kubwerera pansi kutali, osachingidwa ndi mapiri. Kwa zaka zambiri ndiwo anafikitsa Radio One kumidzi yakutali pa 5915 kHz. Masiteshoni ambiri padziko acepetsa kuulutsa pa mafundewa, motero katoni yolembedwa kuti ili ndi mabandi 10 kapena 12 siilonjeza kuti mudzamva zambiri. Yesani musanawerengere.

Makutu nawo amanyengeka

Ambiri amati, "Ndadzimvera ndekha." Kudzimvera n'kwabwino, koma khutu limatsata maso. Mu 1994 akatswiri awiri a kampani ya Harman, Floyd Toole ndi Sean Olive, anafalitsa zotsatira za kuyesa kwao. Anthu anamvera masipika omwewo kawiri: ulendo wina akuwaona, ulendo wina atabisidwa kuseri kwa nsalu. Powaona, anapereka mamalikisi apamwamba kwa masipika aakulu, okongola ndi odula. Atabisidwa, kusiyanako kunacepa kwambiri. Ozolowera nchito yomvera ananyengeka pamodzi ndi osazolowera.

Ngati akatswiri amatsata maonekedwe, wogula wamba asadzidalire mopitirira. Magetsi ophethira, pulasitiki yonyezimira ndi bokosi lalikulu sizionjezera kanthu pa mau. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali masipika ena amene kutsogolo amaoneka ngati ali ndi timasipika tinai kapena tisanu, koma tina ndi tokongoletsa cabe, topanda waya.

Khutu lili ndi cizolowezi cinanso: pa zipangizo ziwiri, cokwezedwa pang'ono cimamveka cokoma kuposa cinzake. Wogulitsa wocenjera amakweza cimene afuna kuti mugule, ndi kuika nyimbo ya ng'oma zolemera. Poyerekeza, ikani zonse pa mlingo wofanana, ndipo mverani nyimbo imene muidziwa bwino. Mverani ndi mau a munthu wolankhula. Wailesi ya nyuzi ndi sipika ya mlaliki zimayesedwa ndi kumveka kwa mau, osati ndi kugunda kwa pansi.

Maina obwereka

Dzina lochuka pa katoni si umboni wakuti cipangizo cinacokera ku kampaniyo. Maina monga Sony, Panasonic ndi JBL amaberedwa kwambiri. Nthawi zina dzina limalembedwa ndendende, nthawi zina cilembo cimodzi cimasinthidwa kuti wowerenga mofulumira asazindikire. Zizindikiro za katundu wonamizira ndi izi: mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa m'masitolo akuluakulu, kupepuka kwa cipangizo, kusowa kwa nambala ya cipangizo, kusowa kwa dzina ndi adiresi ya wopanga, ndi kabuku ka malangizo kolembedwa mosokonekera.

Izi sizitanthauza kuti wailesi yochipa ya dzina losadziwika ndi yoipa. Pafupifupi mawailesi onse a masiku ano, odula ndi ochipa omwe, amapangidwa ku Asia, makamaka ku China. Wailesi yonena zoona za kucepa kwake ndi yabwino kuposa yobvala dzina la eni. Amene wanama pa dzina sangadalirike pa batili kapena pa mawati.

Zimene lamulo linena

Lamulo loteteza ogula m'Zambia ndi Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 la 2010, limene linakonzedwanso mu 2023. Gawo 47 liletsa kunena zabodza kapena zosoceretsa za katundu. Gawo 48 liletsa kupacika cikwangwani colanda wogula ufulu wake, monga cija cakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Gawo 49 liletsa kugulitsa katundu woonongeka kapena wosagwira nchito imene anagulidwira, ndipo lipereka njira yakuti wogula abwezeredwe ndalama kapena apatsidwe katundu wina. Madandaulo amapita ku bungwe la CCPC, limene lili ndi ofesi ku Chipata.

Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, limayendera katundu wa miyezo yokakamiza, kuphatikizapo zingwe za magetsi, mapulagi ndi maadaputa. Bungwe la ZICTA limavomereza zipangizo za mtokoma monga mafoni. Mabungwe amenewa amayang'ana citetezo ndi kutsata malamulo, koma kukoma kwa mau ndi kugwira kwa siteshoni m'mudzi mwanu ndi nchito ya wogula mwini.

Lamulo limagwira nchito pamene pali umboni. Popanda lisiti yolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtengo ndi mtundu wa cipangizo, dandaulo limakhala mau a munthu uyu kutsutsana ndi a uyo. Lonjezo la pakamwa lakuti "ikavuta mubweretse" lilembedwe pa lisitiyo, pamodzi ndi masiku kapena miyezi yake. Kutumiza ndalama pa foni kwa munthu wosamudziwa, katundu musanamuone, ndiko kutaya citetezo conse.

Musanalipire

1. Funsani anthu awiri kapena atatu a m'dera lanu amene akhala ndi mtunduwo caka cathunthu, ndiponso wokonza mawailesi. Funsani cimene cinavuta, osati cimene cinakoma cokha.

2. Musawerengere nambala ya PMPO. Funani ya RMS, ndipo iyerekezeni ndi mavolti, maampu ndi fyuzi.

3. Yesani cipangizo cimene mudzanyamule, osati cacionetsero. Cotsani pulagi kuti mumve m'mene cimalirira pa batili yokha.

4. Funani siteshoni yakutali ndi yofooka, osati yapafupi. Zungulizani kuyambira 87.5 mpaka 108.

5. Kwezani mau pang'onopang'ono kufikira ayambe kusweka. Pamenepo ndipo pali malire enieni a cipangizoco. Cisiyeni cilire mphindi zingapo, kenaka cikhudzeni kuti mumve ngati cikutentha mopitirira.

6. Yesani mabatani onse, pobaya fulashi, pobaya maikolofoni ndi pochajira. Pochajira ndi pamene pamayamba kuonongeka pa zipangizo zambiri zochipa.

7. Funsani ngati batili imasinthidwa ndi kumene ina imapezeka.

8. Tengani lisiti ndi katoni, ndipo yesani cipangizoco tsiku lomwe mwafika kumudzi. Cikavuta, musacedwe kudandaula.

Pogula zida za mpingo kapena za sukulu, ndi bwino kupita anthu awiri kapena atatu, mmodzi wa iwo wodziwa zamagetsi, ndi kupempha kuti zidazo ziyesedwe panja.

Cenjezo la makutu

Citamando cofala pa masipika ndi mahedifoni n'cakuti amalira kwambiri, koma kulira kwambiri kuli ndi mtengo wake. Bungwe la World Health Organization linena kuti acinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pa ngozi yoonongeka makutu kamba ka kumvera mokweza, ndipo lilangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa mlungu pa madesibelo 80. Mau akakwera ndi madesibelo 3, nthawi yotetezeka imacepa ndi theka. Makutu akamalira pambuyo pa ukwati kapena msonkhano, ndiye kuti apwetekedwa, ndipo kumva kukatayika mwa njira imeneyi sikubwerera. Ana asakhale pafupi ndi masipika akuluakulu.

Mwacidule

Mau otamanda cipangizo angakhulupiriridwe kufikira pamene angayesedwe. Manambala amayesedwa ndi masamu, kugwira kwa siteshoni kumayesedwa m'mudzi mwanu, kulimba kumayesedwa ndi nyengo, ndipo lonjezo la wogulitsa limayesedwa ndi lisiti. Mboni yoyenera kuimvera ndi imene yagwiritsa nchito cipangizoco nthawi yaitali kufupi ndi kwanu, imene siipindula kanthu mukagula, ndiponso imene ingachule zofooka zake. Safunsa anadya phula. Ndalama ya zokolola imabwera kamodzi pa caka, ndipo mafunso ocepa ofunsidwa musanalipire ndi ochipa kuposa ulendo wobwerera ku sitolo.